Phala la Kusukulu Lisadalire Alendo

Mphunzitsi aliyense wa kumudzi amaidziwa bwino miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. M'nkhokwe mumakhala mutatha, chimanga cha kumunda chisanakhwime, ndipo ojomba m'kalasi amachuluka. Ena amapita kuganyu pamodzi ndi makolo awo, pamene amene afika amayamba kusinza dzuwa lisanafike pamutu. Mwana wotere sangamve masamu ngakhale mphunzitsi ataluso chotani. Motero kapu ya phala imene mwana amalandira kusukulu iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi choko, bolodi ndi mabuku, ndipo dziko limene lasiyira alendo ntchito imeneyi likuzemba udindo wake.

Mbiri ya phalali ndi yodziwika. M'chaka cha 1994 boma la Malaŵi lidathetsa fizi kupulayimale, ndipo chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Koma kuchotsa fizi sikudachotse njala. M'chaka cha 1999 bungwe la World Food Programme lidayamba kudyetsa ana m'sukulu zina m'boma la Dedza. Pa njala ya 2002, bambo Magnus MacFarlane-Barrow a ku Scotland adayambitsa bungwe la Mary's Meals, limene lidayamba ndi ana 200 okha, koma patapita zaka 20 linkadyetsa ana oposa 1 miliyoni m'dziko muno. Chakudya chake ndi Likuni Phala, ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya ndi mavitamini.

Alipo anthu amene amanyoza ntchitoyi. Iwo amati kudyetsa mwana ndi udindo wa kholo lake, ndipo phala laulere limazoloweretsa anthu ulesi ndi kupempha. Anthu otere ayambe aona amene amaphika phalalo. Ndi amayi a m'midzi yozungulira sukulu, amene amalawirira m'bandakucha, kutunga madzi, kusonkha moto ndi kutakasa miphika ikuluikulu popanda malipiro. Ulesi uli pati pamenepa? Nanga kholo limene munda wake udakokoloka ndi namondwe Freddy m'chaka cha 2023, kapena kupserera ndi chilala cha 2024 chimene chidachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28, lidalakwa chiyani? Ngakhale kholo litakhaladi laulesi, wolangidwa ndi njala ndi mwana, amene sadasankhe nyumba yobadwiramo. Akuluakulu adanena kale kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chodandaulitsa chenicheni ndi chakuti gawo lalikulu la phalali limagulidwa ndi ndalama zochokera kunja. Alendowa ayenera kuthokozedwa, koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. M'chaka cha 2025 boma la America lidatseka bungwe lake la chithandizo la USAID, ndipo ntchito zambiri za umoyo ndi chakudya m'maiko osauka zidaima mwadzidzidzi. Chimene chidaoneka pa ntchito zimenezo chingathe kuonekanso pa mphika wa kusukulu. Kodi n'chanzeru kuti mimba ya mwana wa ku Nsanje idalire maganizo a anthu ovota kutsidya kwa nyanja?

Ena adzati boma lilibe ndalama. Koma njala nayo ili ndi mtengo wake, ndipo dziko likulipira kale. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Kafukufuku wina wotchedwa Cost of Hunger in Africa adawerengera kuti m'chaka cha 2012 kunyentchera kwa ana kudatayitsa dziko lino magawo 10 mwa 100 a chuma chake. Zoonadi, phala la kusukulu silingabweze msinkhu umene mwana adataya ali wakhanda, koma limamusunga m'kalasi kuti asataye ndi maphunziro omwe.

Maiko ena adasonyeza njira. Ku India, khoti lalikulu lidalamula m'chaka cha 2001 kuti ana a m'sukulu zapulayimale za boma azipatsidwa chakudya chophika masana. Ku Brazil, lamulo la 2009 lidanena kuti magawo osachepera 30 mwa 100 a ndalama za chakudya cha kusukulu azigulira zokolola za alimi ang'onoang'ono. Nzeru yomweyo ingathandize kuno. Chimanga, soya ndi mtedza zimalimidwa ku Mchinji, Kasungu ndi Lilongwe, ndipo mlimi amazigulitsa motchipa kwa mavenda chifukwa chosowa msika. Sukulu itamagula kwa iye, ndalama imodzi ingagwire ntchito ziwiri: kudyetsa mwana ndi kulemeretsa kholo lake.

Pali gulu linanso loiwalika. Kawirikawiri phala limaperekedwa kumkombaphala ndi kupulayimale, n'kuthera m'Sitandade 8. Komatu mnyamata kapena mtsikana wa Fomu 1 ndiye ali pamsinkhu umene thupi limakula msanga ndi kufuna chakudya chambiri. Wa kusekondale yoyendera amayenda mtunda wautali m'mawa, n'kuweruka masana osalawa kanthu. Njala ikamupanikiza, mnyamata amasiya sukulu n'kukasaka ganyu, mtsikana amanyengeka ndi aliyense womugulira mandasi.

Choncho aphungu a Nyumba ya Malamulo akhazikitse lamulo lakuti chakudya cha kusukulu chizikhala ndi gawo lakelake m'bajeti ya chaka ndi chaka, kuyambira Sitandade 1 mpaka Fomu 4, ndipo chizigulidwa kwa alimi a m'dera lomwelo. Mafumu ndi makomiti a sukulu aziyang'anira kuti thumba lililonse la ufa lafika mumphika. Alendo akafuna kuthandiza alandiridwe ndi manja awiri, koma apeze eni nyumba atasonkha kale moto.