Mpikisano wa mipingo umafotokoza khama la abusa, osati mtima wa wokhulupirira

Mu 1776, katswiri wa zachuma wa ku Scotland, Adam Smith, analemba m'buku lake la The Wealth of Nations kuti atsogoleri a mpingo amene malipiro awo ndi otsimikizika pansi pa boma amachita ulesi, pamene alaliki odalira chopereka sagona tulo. Patapita zaka zoposa 200, akatswiri a ku America, Rodney Stark, Roger Finke ndi Laurence Iannaccone, anafukula maganizowa n'kunena kuti chipembedzo chimayenda ngati msika: mipingo imagulitsa, ndipo munthu amasankha atawerengera zimene ataye ndi zimene apindule.

Umboni ali nawo ndithu. M'buku la The Churching of America la mu 1992, Finke ndi Stark anapeza kuti mu 1776 anthu 17 okha mwa 100 aliwonse ku America ndiwo anali ndi mpingo, koma pofika 1980 anali atafika 62. Amene anakolola si a Congregational kapena a Episcopal, omwe m'madera ena ankadya misonkho ya anthu. Anali a Methodist, amene alaliki awo ankayenda pa akavalo mudzi ndi mudzi, ndi a Baptist, amene abusa awo ambiri ankalima mkati mwa sabata n'kulalikira Lamulungu. Pofika 1850 Methodist unali mpingo waukulu kuposa yonse m'dzikolo. Ku Sweden, kumene mpingo wa Lutheran unali wa boma mpaka 2000, mabenchi a m'tchalitchi amangokhala opanda anthu.

Mpaka apa palibe chotsutsa. Aliyense amene waona mipingo itatu ikupikisana zokuzira mawu pamsewu umodzi ku Ndirande akudziwa kuti mbusa amene ali ndi mnzake pafupi salola nkhosa kugona ndi chisoni osaiyendera.

Vuto limayamba akatswiriwa akalowa mumtima mwa wokhulupirira. Mu 1994 Iannaccone ananena kuti mipingo ya malamulo okhwima imalimba chifukwa imathamangitsa ongofuna kudya za eni, n'kutsala ndi odzipereka okhaokha, choncho kukhalamo n'kopindulitsa. Nanga a Mboni za Yehova, amene boma la Kamuzu Banda linawaletsa mu 1967 chifukwa, mwa zina, chokana kugula makadi a chipani? Anamenyedwa, nyumba zawo zinatenthedwa, ndipo mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Otsatira chiphunzitso cha Stark ndi anzake amayankha kuti anthuwa ankawerengera mphoto ya moyo wosatha. Koma ngati wogula khadi anawerengera, wokana khadi nayenso anawerengera, ndiye kuti mawu oti kuwerengera sakutiuza chifukwa chimene wina anagonja wina n'kulimba.

Komanso anthu ambiri sasankha mpingo, amabadwiramo. Kuchokamo kumakhudza ukwati, mvano wa mayi ake a munthu, ndi amene adzaimbe pamaliro pake.

Ngakhale ziwerengero sizigwirizana ndi akatswiriwa m'maiko ena. Steve Bruce wa ku yunivesite ya Aberdeen ndi ena anakumbutsa za Poland ndi Ireland, kumene mpingo wa Katolika unalibe wopikisana nawo weniweni koma matchalitchi ankadzaza, chifukwa chikhulupiriro chinamangirirana ndi kudziteteza kwa mtundu kwa olamulira achilendo. Ku America komweko ufulu wotsegula mpingo sunachepe, komabe kafukufuku wa Pew Research Center wa mu 2021 anapeza kuti pafupifupi akuluakulu atatu mwa khumi aliwonse amati alibe chipembedzo.

Chiphunzitso cha Stark ndi anzake n'chothandiza kwa amene akufuna kumvetsa chifukwa chimene mipingo ina imakangalika ina n'kuwodzera, ndipo masinodi ndi madayosizi amene akutaya achinyamata angapindule kuchiwerenga. Pa funso loti munthu amakhulupiriranji, chimapereka yankho lochepa kwambiri.