Asiyeni a Chiquinho Conde, ntchito yawo ikuoneka

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, lero tipatuke pang'ono pa nkhani za mabuku ndi zilembo. Chigonjereni Mambas 4-0 kwa Nigeria mu Januwale 2026, nyimbo imene ndikuimva m'magulu a WhatsApp ndi pamsika pano pa Kalomwe ndi imodzi: kochi achoke, tiitane wina ku Portugal. Ine ndikukana.

Zigoli zinayi zimapweteka, palibe amene angatsutse. Koma kodi tinagoletsedwera pati? M'ndime ya matimu 16 ya chikho cha Africa, pamene dziko lathu linali lisanapondepo. Tinapita ku mpikisanowu mu 1986, 1996, 1998 ndi 2010, ndipo maulendo onsewo tinabwerako osapambana ndi masewera amodzi omwe. Kupambana koyamba kwabwera mu Disembala 2025 ku Morocco, pomwe tinathambitsa Gabon 3-2. Amene anali pa benchi tsiku limenelo ndi omwewa mukuti achokewa.

Tikumbuke mmene anaipezera timu. A Conde anatenga Mambas mu Okutobala 2021, titatha zaka 11 tikuonera chikho cha Africa pa kanema ngati alendo. Iwo asanabwere panali makochi awiri otsatizana ochokera ku Portugal komwe mukufunako, Luís Gonçalves ndi Horácio Gonçalves, ndipo palibe amene anatifikitsa. A Conde atalowa, anayamba ndi anyamata osewera mu Moçambola: anawapititsa ku CHAN ya ku Algeria atatulutsa Zambia ndi Malawi (abale athu a kutsidya ku Dedza sakonda kukumbutsidwa), nakafika mu makotafainolo. Kenako Benin inagwa 3-2 ku Zimpeto mu Seputembala 2023, ife ulendo wa ku Côte d'Ivoire. Kumeneko Egypt inapulumukira penate ya Mohamed Salah nthawi itatha kale, ndipo Ghana, imene inkatsogola 2-0, tinaibwezera zigoli ziwiri m'mphindi zowonjezera, cha Geny Catamo ndi cha Reinildo Mandava, mpaka inalongedza katundu. Kupita kawiri motsatizana kunachitikapo kamodzi kokha, mu 1996 ndi 1998, nthawi imene a Conde anali m'bwalo ngati wosewera.

Ife a ku Tete tikanayenera kukhala omaliza kuwanyoza. Chikho choyamba cha Moçambola chimene União Desportiva do Songo inatenga mu 2017 chinabwera ndi iwowa.

Chimene chikundinyansa si kudzudzula ayi. Zodzudzula zilipo. Kumbuyo kwathu kumabooka tikakumana ndi matimu othamanga: Algeria inatimwetsa 5-1, Uganda 4-0, ndipo chikho cha dziko lonse cha 2026 chinatidutsa. Dominguez anapita ku Morocco ali ndi zaka 42, ndipo funso loti adzalowa m'malo mwake ndani ndi loyenera kufunsa. Chondinyansa ndi mankhwala amene mukupereka, akuti "wakunja". Simukutchula dzina, simukunena chimene munthuyo adzachite mosiyana, bola angotsika m'ndege yochokera ku Lisboa. Ife ophunzitsa m'zilankhulo ziwiri mawu amenewa timawadziwa bwino. Mwana wa kalasi ya Chipwitikizi chokhachokha akalephera, anthu amati mwanayo ndi wopanda mutu. Wa kalasi ya Chinyanja akalephera, amati pulogalamu yonse ithetsedwe. Sikelo yake ndi yomweyi: wakunja akagonja timati apatsidwe nthawi, mwana wa ku Beira akagonja kwa Nigeria ya Victor Osimhen ndi Ademola Lookman timati sadziwa ntchito.

Sindikunena kuti wakunja sangathe. Mart Nooij wa ku Netherlands ndiye anatipititsa ku Angola mu 2010. Ndikungopempha kuti aliyense ayezedwe ndi kumene anaipeza timu ndi kumene waifikitsa, monga timachitira ndi mwana amene anabwera osadziwa kugwira pensulo.

Nanga achinyamata amene mukuti kochi sakuwaika, awatenge kuti? Kochi wa timu ya dziko amakhala ndi osewera masiku owerengeka masewera asanachitike. Sapanga wosewera, amasankha pa amene alipo. Ana athu kuno ku Angónia akukankha chikulunga cha mapepala a pulasitiki pabwalo la mabampu kuseri kwa sukulu, ndipo ndi angati mwa iwo amene adzaonedwe ndi munthu wa timu yaikulu asanakule? Funso limenelo lipite ku Federação Moçambicana de Futebol ndi kumakalabu, ndiponso kwa ife aphunzitsi amene timasandutsa nthawi ya masewera olimbitsa thupi kukhala yosesa pabwalo.

Chikho chotsatira chili mu 2027 ku Kenya, Tanzania ndi Uganda. Geny Catamo, wobadwa mu 2001, akadali ndi zaka zambiri m'miyendo, ndipo timu imene ikumangidwa momuzungulira ikufuna munthu amene akuwadziwa kale anyamatawa. A Conde apatsidwe mpata woifikitsa kumeneko. Amene muli ndi kochi wina m'maganizo, lembani dzina lake m'munsimu pamodzi ndi timu ya mu Africa imene anaipititsapo patsogolo, tikambirane.