Nanga amene anaimba ng'omayo dzina lake ndani?

Moyandikana ndi benchi yanga pamsika pali kashopu ka mnyamata woika nyimbo m'mafoni. Sipika yake imayamba kulira ine ndisanamalize kuyala tomato, imazima dzuwa litalowa. Loweruka lapitali anaika Billie Jean ya Michael Jackson. Michael asanatsegule pakamwa, mayi wogulitsa usipa kumbuyo kwangaku anali atayamba kale kugwedeza mapewa, mbale ili m'manja. Amene mumaidziwa nyimboyi mukudziwa mmene imayambira: ng'oma zokhazokha, kenako bezi, ndipo pamapita pafupifupi theka la mphindi mwiniwake asanatulutse liwu. Ndinamufunsa mnyamatayo kuti, "Achimwene, akuimba ng'omayo ndani?" Anandiyang'ana modabwa. "Si Michael Jackson nanga?"

Ayi, si Michael Jackson. Ndi Leon Chancler, amene anzake ankamutcha Ndugu, ndipo anamwalira mu 2018. Iyeyu bola, dzina lake linalembedwa pa chikuto cha chimbale cha Thriller cha mu 1982. Koma chikuto ndani akuchionanso masiku ano? Mufoni mumangotuluka dzina limodzi basi.

Ndalemba izi chifukwa ife okonda zolembalemba tili ndi matenda athu. Tikamakamba za nyimbo timathamangira ku mawu: uyu ndi mlakatuli, uyu amapeka mozama, uyu mawu ake amalasa mtima. Zoona. Koma mayi wausipa uja Chingerezi sachimva, ndipo chimene chinamuvinitsa si ndakatulo. Anamuvinitsa ndi munthu amene anaitanidwa ku situdiyo, n'kugwira ntchito, n'kulandira yake ya tsikulo, n'kunyamula timitengo take kubwerera kwawo. Azungu ali ndi dzina lawo la munthu wotereyu. Ife tingomutcha dzina limene tikulidziwa: waganyu.

Tiyambe ndi ku Detroit. Kampani ya Motown, imene Berry Gordy anayambitsa mu 1959, inkatulutsa nyimbo ngati chigayo. Kutsogolo kunali The Temptations, The Supremes, Marvin Gaye, Stevie Wonder, atatchena masuti ndi madiresi onyezimira. Kuseri kunali gulu limodzi lomwelo la oimba zida, The Funk Brothers, lopanikizana m'kachipinda kojambulira. Mng'oma wawo wamkulu anali Benny Benjamin, amene mumamumva mu My Girl ya mu 1964. Kwa zaka zoposa khumi kampaniyi sinkalemba maina a anthu amenewa pa zimbale. Inadzayamba mu 1971, pa chimbale cha Marvin Gaye cha What's Going On. Benny Benjamin anali atamwalira mu 1969. Tangoganizani, kugaya ufa wa mudzi wonse, n'kufa anthu osadziwa kuti pachigayo panali ndani.

Ku London nako n'chimodzimodzi. Pa 11 September 1962, The Beatles akujambulanso Love Me Do, George Martin sanakhutire ndi Ringo Starr, ndiye panaitanidwa waganyu, Andy White. Ringo anapatsidwa chisekese kuti azigwedeza. White analandira mapaundi 5. Nyimbo imene anaimbamo ng'omayo ndi imene inafika pa nambala 1 ku America mu 1964, iye osaonanso kakobiri kena.

Ndikudziwa ena mwakonzeka kale kundiyankha kuti, "Mayi, ganyu ndi ganyu. Anagwirizana mtengo, analandira, nkhani yatha." Ndine wamalonda, mfundo imeneyi ndikuimva kuposa ambiri a inu. Ndikagwirizana ndi wonyamula katundu kuti anditengere dengu kuchokera padepoti, sabweranso madzulo kudzati tigawane phindu la tomato. Ndiponso si aganyu onse anafa osauka. Hal Blaine wa ku Los Angeles anadya bwino m'zaka za m'ma 1960. Zaka 6 zotsatizana, kuyambira 1966 mpaka 1971, nyimbo imene inapata mphoto ya Grammy ya nyimbo yapamwamba ya chaka inali ndi ng'oma zake: ya Frank Sinatra momwemo, za Simon & Garfunkel momwemo. Pa zimbale zina za The Beach Boys, pachithunzi pamaoneka Dennis Wilson ngati mng'oma pomwe manja ndi a Blaine.

Koma fanizo la dengu lili ndi polekezera. Wonyamula dengu sasintha tomato wanga. Amafika naye mmene anamunyamulira. Woimba ng'oma sanyamula nyimbo yopangidwa kale ayi, amapanga nawo. Nthawi zambiri palibe amene amamulembera kuti apa umenye chonchi, apa udumphe. Amamvetsera, n'kupeka yekha pomwepo. Ngati wapeka, ndiye kuti ndi mpeki, kaya mumulipira ngati wonyamula katundu.

Nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya Clyde Stubblefield. Iyeyu anali wolembedwa ntchito m'bandi ya James Brown. Mu 1969 anajambula nyimbo yotchedwa Funky Drummer, imene inatuluka mu 1970. Chapakati pake zida zina zonse zimakhala chete, n'kutsala Clyde yekha kwa masekondi ngati 20. Kachidutswa kameneko kanadzakhala ngati mchere wa nyimbo za hip hop. Achinyamata a m'ma 1980 ankakadula n'kumakabwereza pansi pa nyimbo zawo: Public Enemy anakagwiritsa ntchito, LL Cool J anakagwiritsa ntchito, ndipo nyimbo zimene zinakabwereka zimaposa 1,000. Nyimbo yotchulidwa dzina la woimba ng'oma, yotchuka chifukwa cha woimba ng'oma, koma pamalo a wopeka panalembedwa James Brown. Clyde sanalandirepo kanthu pa kubwerekedwa konseko. Atadwala khansa analibe inshulansi ya chipatala, ndipo amene anamulipirira ngongole yake mwakachetechete anali Prince. Nkhaniyi inadzaululika Prince atamwalira mu 2016. Clyde anatsatira mu 2017. Zikomo kwa Prince, koma abale, munthu amene manja ake anadyetsa mazana a oimba n'kumadikira chifundo cha mnzake? Chimenecho si chifundo chofunika kuombera m'manja, ndi umboni wa mlandu.

Mnzake Gregory Coleman wa gulu la The Winstons zake zinaipa kuposa apa. Masekondi ake osakwana 10 a mu nyimbo ya Amen, Brother ya mu 1969 anabala mitundu yathunthu ya nyimbo zovina ku Britain. Anamwalira mu 2006 alibe ndi nyumba yomwe.

Gwero lake ndi lamulo la umwini wa nyimbo mmene linakhazikikira kumeneko. Limaona wopeka mawu ndi wopeka chuni. Kamenyedwe ka ng'oma limakatenga ngati mpweya, ka aliyense. Chimbale chojambulidwacho nacho mwini wake kawirikawiri ndi kampani. Ndiye wang'oma amagwera pakati: chuni si chake, chimbale si chake. Amene anaganiza kuti ng'oma si kupeka ayenera kuti sanafikepo pabwalo. Kwathu gule sayamba ang'oma asanawambe ng'oma zawo pamoto. Woimba mbalule amayang'ana mapazi a wovina, wovina amamvera mbalule, ndipo akaphonya mmodzi onse awiri achita manyazi. Katswiri wa ng'oma amakamutenga ngakhale kumudzi wina, amamufupa, ndipo ndi ana omwe amamudziwa dzina. Nanga ife tinaphunzira kuti zoti tikamva nyimbo ya pawailesi tizifunsa za woimba pakamwa yekha?

Lamulo la ku America ine wogulitsa tomato sindingalisinthe. Koma kutchula dzina sikulira ndalama. Aulutsi a pawailesi amakhala ndi nthawi yopereka moni kwa mudzi wonse, apongozi ndi alamu omwe, koma masekondi awiri otchula wang'oma alibe. Nafenso muno, wina akalemba ndime zisanu zotamanda nyimbo osatchulapo ndi mmodzi yemwe wogwira chida, ine ndizimufunsa, musadzati ndine wovuta. Ndipo ndisadziyeretse: bambo amene wandinyamulira madengu zaka zitatu ndinadziwa dzina la bambo ake mwezi wathawu, nditayamba kuganiza za nkhani inoyi. Ndinkangoti "aganyu".

Lolemba mnyamata uja anaika Jolene ya Dolly Parton, ija ya mu 1973 imene amalume athu amaikonda. Ndinamukuwira kuti ng'omazo ndi za Kenny Malone, yemwenso anaimba m'nyimbo zambiri za Don Williams, ndipo anamwalira mu 2021. Anatsitsa sipika pang'ono, n'kundiyang'ana. "Mayi, inu muzingogulitsa tomato," anatero. Kenako anafunsa kuti dzinalo limalembedwa bwanji.