Tifunsa Mafunso, Koma Ndalama Ipita Kuti?

Pali nchito imene ambiri a ife tinaigwirapo osadziwa dzina lake. Kampani ikafuna kudziwa cifukwa cake amai ogulitsa tomato ku Soweto Market amasiya app ya ndalama asanamalize kutumiza, imatuma munthu kukakhala nao, kuwafunsa ndi kuona pamene cala cao cikuima. Nchito imeneyi amaicha UX research, ndipo ena amadya nayo bwino.

Nanga n'cifukwa ciani malipiro ake amasiyana kwambiri? Zaka zimene munthu wagwira nchito zimawerengedwa. Amene akulipira nayenso ali ndi mbali: banki kapena kampani ya mafoni siingafanane ndi kagulu kamene kangoyamba kumene, ndipo wolandira madola kucokera kunja sadandaula kwacha ikagwa. Koma cacikulu ndi ici: kodi umangosonkhanitsa mayankho, kapena umauza kampani zoti isinthe?

Apa m'pamene timaluza. Ife ndife timayenda mu Kanyama, Matero ndi Chawama. Ndife timadziwa kuti agogo akati "zili bwino" nthawi zina angofuna kuti mlendo asacite manyazi. Timadziwa kuti foni imodzi ingagwiritsidwe nchito ndi banja lonse, ndipo ambiri amakhulupirira munthu wa pa booth kuposa zolembedwa pa sikirini. Koma pa pepala amatilemba "data collector", amatipatsa ya tsiku ndi ya basi, basi zatha. Wolemba lipoti m'Cingelezi, amene mwina sanapondepo m'komboni, ndiye amachedwa researcher.

Ena adzati kulemba lipoti kumafuna maphunziro. N'zoona, ndipo sitikana. Koma lipoti lopanda munthu womva Cinyanja ndi Cibemba bwinobwino lili ngati nsima yopanda ndiwo.

Conco anzathu, tisamathere pa kufunsa. Tikabwerako, tilembe zimene taona, tizigawe m'magulu, tinene zinthu zitatu zofunika kukonza. Tisunge zitsanzo za nchito yathu, mopanda maina a anthu amene tinafunsa. Malo ngati BongoHive muno mu Lusaka amatithandiza kukumana ndi opanga ma app. Ndipo tisanavomere nchito, tifunse: kodi kumasulira kuli ndi mtengo wake? Dzina langa lidzakhala pa lipoti?

Cinenero cathu ndi luso. Tikaleka kucipereka ngati mbasela, mtengo wathu udzakwera.