Munati tilibe mapepala, tapita kukawatenga, nanga mkwiyowu ndi wa chiyani?

Asisi, tiyeni tikambirane za Loweruka m'mawa.

Anthu ambiri akadali m'tulo kuchotsa kutopa kwa sabata, pali mayi wina wadzuka 4 koloko. Wachapa, waphika phala la ana, wasiya nyemba pa mbaula, kenako wathamangira minibasi kuti 8 koloko imupeze m'kalasi. Lolemba mpaka Lachisanu amakhala ku ofesi. Loweruka ndi Lamulungu akuphunzira digiri ya utsogoleri ndi kayendetsedwe ka mabungwe. Mayi ameneyu ndi ife. Ndi mkulu wako, ndi mnzako wa pa desiki yoyandikana nayo uja amasinza Lolemba lililonse.

Chinatibweza kusukulu n'chiyani? Mawu aja tonse tinawamvapo: "Ntchito mumaitha, koma mulibe mapepala." Tinaphunzitsa ntchito anyamata obwera dzulodzuloli, chaka chisanathe iwo n'kukhala mabwana athu, eti poti ali ndi digiri. Chabwino, tinamva. Tinatenga ngongole ku banki m'khonde, tinasiya kugula nsalu ndi nsapato, tinalipira fizi. Tinkayesa atiombera m'manja. Kumeneko ndiye kunali kuyamba kwa nkhondo.

Ku ntchito ukapempha masiku atatu a mayeso, nkhope ya bwana imasintha. "Musankhe chimodzi, ntchito kapena sukulu." Mnzathu wamwamuna akapempha zomwezo amauzidwa kuti, "Limbikira mphwanga, kampani ikufuna anthu ngati iwe." Msonkhano wadzidzidzi umaikidwa 5 koloko madzulo tsiku lomwe akudziwa kuti uli ndi kalasi. Ukakhala kuti unapitako kutchuthi cha uchembere, amakukumbutsanso, ngati masabata 8 aja anali mphatso yochokera m'thumba mwawo. Ayi ndithu, tchuthi chimenecho chili m'lamulo la ntchito la chaka cha 2000.

Kunyumba nako ndiye musanene. M'kalasi amatiphunzitsa kuti mtsogoleri wabwino sagwira ntchito zonse yekha, amagawira anzake. Timalemba bwinobwino m'kope, mayeso n'kukhoza. Tikafika pakhomo, mbale za nsima ya masana zikudikira, ana sanasambe, bambo ali pa sofa ndi limoti kufunsa kuti, "Tidya chiyani?" Asayimenti timayamba 11 koloko usiku, magetsi atazima, laputopu yatsala pang'ono kufa. Ukachedwa kugulu lokambirana za m'kalasi, foni ikulira: "Sukulu yake iti ya usiku uno?" Apongozi nawo auza kale ankhoswe kuti mkazi wophunzira kwambiri samva kamwa ya mwamuna.

Tikudziwa ena ayankha kuti amuna ogwira ntchito nawonso amavutika akamaphunzira. N'zoona, ndipo sitikupeputsa thukuta lawo. Fizi imawawa aliyense. Koma bambo akamawerenga, pakhomo pamakhala bata, ana amauzidwa kuti "musasokose, adadi akuwerenga", tiyi n'kuwapeza pa tebulo. Mayi akamawerenga amakhala ndi mwana pamiyendo. Bambo akamaliza digiri, mtundu wonse umati watikweza. Mayi akamaliza amati ayamba matama. Kusiyana kwake ndi kumeneko, tisanamizane.

Tsono mverani chifukwa chake nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kutopa kwathu. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati polemba anthu ntchito m'boma, amayi kapena abambo asachepere 40 pa 100 aliwonse, ndiponso asapitirire 60. Koma lamulo lomwelo lili ndi khomo lothawira: chiwerengerochi sichikakamiza ngati ofunsira ntchitoyo alibe maphunziro kapena luso lofunika pa udindowo. Mwaiona nkhaniyo? Mayi aliyense amene wasiyira sukulu panjira chifukwa bwana anakana tchuthi, kapena chifukwa kunyumba kunavuta, akupatsa olemba ntchito mpata wonena kuti, "Tinafunafuna amayi oyenera koma sitinawapeze." Amatitsekera njira ya kusukulu, kenako n'kumadabwa pa wailesi kuti amayi ali kuti.

Ndipo asatiuze kuti utsogoleri ndi wachibadwa, eti sukulu siithandiza. Ife tinayamba kuyendetsa zinthu tili aang'ono: kulera abale, kutambasula ndalama yochepa kuti ifike kumapeto kwa mwezi, kusunga mabuku a gulu la kutchalitchi kapena kumzikiti. Chimene yunivesite imawonjezera ndi zida. Umaphunzira kuwerenga lipoti la zachuma kuti wina asakubise zinthu m'manambala. Umaphunzira kukonza bajeti ndi pulani ya zaka zisanu, malamulo a antchito, kathetsedwe ka mikangano, ndi momwe bodi imapangira ziganizo. Ukadziwa zimenezi, mumsonkhano sakutumanso kukawiritsa tiyi kapena kulemba maminitsi basi. Umafunsa mafunso ovuta. Mwina n'chimene ena akuopa.

Amayi otsogolera tawaona kale. Joyce Banda analamula dziko lino kuyambira 2012 mpaka 2014. Anastasia Msosa anakhala mkulu wa makhothi onse mu 2013. Catherine Gotani Hara anakhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo mu 2019. Pulofesa Address Malata, amene anayambira ku unamwino, anafika potsogolera yunivesite ya MUST ku Thyolo. Koma tatopa ndi kuwerenga amayi oyamba pa zala. Tikufuna akhale ochuluka mpaka tisiye kuwawerenga.

Nde zofuna zathu ndi izi. Olemba ntchito, tchuthi cha maphunziro chilembedwe papepala, chikhale chimodzimodzi kwa aliyense, chisadalire kuti bwana wadzuka bwanji kapena akufuna chiyani kwa ife. Mpata wokwezedwa ukapezeka, ulengezedwe poyera pamodzi ndi zoyenereza zake. Mayunivesite, kaya ndi MUBAS ku Blantyre, UNIMA ku Zomba kapena omwe si aboma, pokonza makalasi a madzulo ndi a wikendi kumbukirani kuti ena mwa ophunzira anu ndi oyamwitsa, ndipo ena akwera kabaza mumdima pobwerera. Pakhalenso njira yodalirika yodandaulira ngati mphunzitsi wayamba kufuna thupi posinthana ndi malikisi. Abambo ndi zibwenzi, mpoto suluma. Malipiro akadzakwera mudzadya nawo, choncho yambani lero kutsuka nawo mbale.

Ndipo kwa iwe amene ukuganiza zoyamba: usanalipire khobidi, fufuza ku NCHE ngati sukuluyo ndi maphunzirowo ndi ovomerezeka, usadzalire ndi pepala lopanda ntchito. Pempha tchuthi cha mayeso mwa kalata, ndipo kope lake usunge. Peza amayi awiri kapena atatu m'kalasi mwako oti muzigawana manotsi ndi kudzutsana usiku. Semesita ikakuvuta, pumula, bwereranso, koma dzina lako usalichotse m'kaundula.

Loweruka likubwerali, ukamuona mayi wanyamula chikwama cha mabuku pa siteji 6 koloko m'mawa, usamufunse kuti ana wawasiyira ndani. Mufunse kuti mayeso ndi liti, ndipo ungamuthandize chiyani.