MPHOTHO YA MTENDERE ITSATE NCHITO YOONEKA

Pa 12 Okutobala 2012, komiti ya ku Norway inalengeza kuti mphotho ya mtendere ya Nobel yapita ku bungwe la maiko a ku Ulaya lochedwa European Union. Nkhaniyi inasiya funso limene liyenera kufunsidwa ngakhale kuno kwathu ku Nangongwe: ngati bungwe la ku Ulaya linalandira, kodi bungwe lathu la African Union siliyenera kulandira nalonso? Ife tikuti nthawi yake ikalibe kukwana, ndipo tifuna kufotokoza cifukwa cake.

Coyamba tione cimene a ku Ulaya analandirira. Maiko a France ndi Germany anamenyana nkhondo zitatu, zimene zinayamba mu 1870, mu 1914 ndi mu 1939. Pa 9 Meyi 1950, nduna ya France yoona za maiko akunja, a Robert Schuman, anapempha kuti malasha ndi citsulo ca maiko awiriwa ziziyang'aniridwa pamodzi, pakuti ndizo zinali kusulira mfuti. Mu 1951 maiko 6 anasaina pangano limeneli ku Paris. Mlimi aliyense adziwa kuti anthu amene asunga cimanga cao m'nkhokwe imodzi sangaitenthe, ngakhale atakangana cotani. Kucokera pamenepo France ndi Germany sanalozanenso mfuti.

Si onse anakondwa ndi mphothoyi. Akibishopu Desmond Tutu a ku South Africa, pamodzi ndi mai Mairead Maguire ndi a Adolfo Pérez Esquivel, amene onse analandirapo mphotho yomweyi, analemba kalata yotsutsa. Mau ao anali ndi maziko. Maiko ena a m'bungweli amagulitsa zida za nkhondo, ndipo mu 1995 amuna ndi anyamata pafupifupi 8,000 anaphedwa ku Srebrenica, m'dziko la Bosnia, pakhomo penipeni pa bungweli. Komabe ife tiona kuti panali cinthu cimodzi cotheka kuciloza ndi cala: adani akale anakhala zaka zoposa 60 osaphana.

Tsopano tiyese bungwe lathu ndi muyeso womwewo. Sitilankhula ngati alendo, pakuti mu Julayi 2001 atsogoleri a Africa anakumana mu Lusaka kukonza zakuti OAU isanduke African Union, ndipo bungwe latsopanoli linakhazikitsidwa ku Durban mu 2002. Mu 2013 linalonjeza kuti pofika 2020 mfuti zidzakhala zitaleka kulira mu Africa. Caka cimeneco citafika, lonjezo linakankhidwira ku 2030. Mu Epulo 2023 nkhondo inabuka ku Sudan, ndipo mu Januwale 2025 zigawenga za M23 zinalanda mzinda wa Goma ku Congo, dziko limene ticita nalo malire.

Zabwino ziliponso, sitibisa. Pa 2 Novembala 2022, ku Pretoria, bungweli linayanjanitsa boma la Ethiopia ndi a cigawo ca Tigray, mkhalapakati ali a Olusegun Obasanjo a ku Nigeria. Koma nkhondo yomweyo itiphunzitsa kusafulumira. Nduna yaikulu ya Ethiopia, a Abiy Ahmed, analandira mphotho ya Nobel mu 2019, ndipo caka cotsatira nkhondo ya Tigray inayamba. Cimanga saciyamikira cikali m'munda. Amayembekeza cilowe m'nkhokwe.

Wina angafunse kuti nkhani za ku Oslo zikhudza bwanji munthu wolima ndiwo m'mbali mwa Kafue. Acikulire akumbukira. Mu Januwale 1973 boma la Ian Smith la ku Rhodesia linatseka malire, ndipo njira ya kum'mwera inafa. Mu Okutobala 1978 a Kenneth Kaunda anatsegulanso njanji ya kum'mwera, imene imadutsa muno mu Kafue, cifukwa dzinja linali pafupi koma feteleza anali asanafike kwa alimi. Mwezi womwewo ndege za Rhodesia zinaponya mabomba pa msasa wa Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka. Mu 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine, imene ambiri a ife tinangoimva pa wailesi, inakweza mtengo wa feteleza mpaka kuno. Nkhondo ikabuka, woyamba kugona ndi njala ndi mlimi.

Tikumbukirenso amene anasenza katundu wa mtendere m'dziko lino. Anthu a ku Petauke anakhala ndi othawa nkhondo a ku Mozambique ku Ukwimi. A ku Mayukwayukwa ndi ku Meheba analandira a ku Angola kwa zaka zambiri. Anagawana nao minda, zitsime ndi nkhuni, potsata mau a makolo akuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Pangano limene linathetsa nkhondo ya Mozambique linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mothandizidwa ndi gulu la akhristu eni ake la Sant'Egidio, lopanda asilikali kapena nkhokwe ya ndalama. Anthu otere saitanidwa kawirikawiri ku maphwando a mphotho.

Motero pempho lathu kwa atsogoleri a African Union, ndiponso kwa boma lathu limene limatiimirira kumeneko, ndi lakuti amange nkhokwe imodzi monga anacitira a Schuman. Pangano la malonda opanda misonkho pakati pa maiko a Africa linasainidwa ku Kigali mu Malichi 2018. Licoke papepala, lifike pa Chirundu, kuti mai wogulitsa tomato kapena nsomba aoloke popanda kuvutitsidwa, ndipo maiko athu adalirane kotero kuti kumenyana kukhale kudzitentha okha. Atsogoleri akhalenso olimba mtima kudzudzula mnzao amene akupha anthu ake, ngakhale adyera naye mbale imodzi.

Tsiku limene mwana wa ku Goma ndi wa ku Khartoum adzakula osadziwa kulira kwa mfuti, ife tidzakhala oyamba kupempha kuti bungwe lathu lilandire mphotho. Lisanafike tsikulo, ligwire nchito.