Netflix ndi lendi, hard drive ndi nkhokwe

Semesita yathayi hard drive yanga inafa. Inangoyamba kulira kuti tiki tiki, laputopu n'kukana kuizindikira. Inali ya 1 TB, yodzaza ndi mafilimu omwe ndinakhala ndikutolera kuyambira chaka choyamba, ena kwa anzanga a m'hosteli, ena kobenetsa kumsika. Ndinadandaula masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinatenga pepala kuti ndilembe zomwe ndataya, koma mayina omwe ndinawakumbukira sanakwane n'komwe 20. Mwa amenewo, omwe anandiwawadi mumtima anali awiri: filimu ina ya kuno kwathu yomwe ndinakopera kwa msuweni wanga, ndi sewero lomwe gulu lathu la zisudzo linajambula tili m'chaka chachiwiri. Enawo aliyense ali nawo.

Apa m'pamene ndinaona kuti ndinkachita zinthu mozondoka. Ndinkasunga zomwe zili ponseponse, kwinaku ndikulipira Netflix mwezi ndi mwezi ngakhale nthawi ya mayeso pamene sindinkaitsegula.

Tiyambe ndi zolipirazi. Netflix inafika ku Malawi mu Januwale 2016, pamene inatsegula m'mayiko 130 nthawi imodzi. Chomwe timagula kumeneko si filimu ayi, ndi chilolezo choonera kwa mwezi umodzi. Kampaniyo nayonso mafilimu ambiri imachita kubwereka kwa eni ake, ndipo mgwirizano ukatha filimu imachoka, kaya unali utafika pakati. Ngakhale zomwe makampaniwa apanga okha sizikhala mpaka kalekale. Mu Meyi 2023 Disney+ inachotsa Willow pasanathe miyezi 6 chiyambire kuionetsa, pofuna kuchepetsa ndalama zomwe imawononga. Zomwe wadawuniloda mu app nazo si zako. Zina zimatseka pakatha maola 48 ukangoyamba kuonera, ndipo ukaleka kulipira zonse zimatsekeka.

Mwina wina anena kuti ndiye bola kugula kumene. Nako kuli msampha. Mu Disembala 2023 Sony inauza anthu a PlayStation kuti mapulogalamu a Discovery omwe anagula ndi ndalama zawo achotsedwa. Inabweza ganizolo anthu atakwiya, koma nkhani inali itamveka kale: batani lolembedwa kuti "buy" nalonso ndi lendi, kungoti yaitali. N'chifukwa chake mu 2024 boma la California linakhazikitsa lamulo loti ogulitsa azinena poyera kuti munthu akugula chilolezo chabe.

Lendi si yoipa. Tonsefe tikukhala m'nyumba za eni. Choipa n'kulipira chipinda chomwe sugonamo, makamaka kuno kumene filimu imodzi timailipira kawiri. Poyamba timalipira kampaniyo, ndipo mtengo wake umawerengedwa m'madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo unakwera m'thumba mwathu iwo asanasinthe kalikonse. Kenako timalipira bandulo. Netflix yomweyo imanena kuti HD imatha kudya 3 GB pa ola, kutanthauza kuti filimu ya maola awiri ikhoza kumeza 6 GB. Koma pafoni, ukasankha zopulumutsa data, 1 GB imakufikitsa pafupifupi maola 6. Kaskirini ka foni n'kakang'ono anzanga, HD imeneyo akuiona ndani?

Zomwe ndimachita tsopano n'zosavuta. M'kati mwa semesita ndimangolemba mayina a zomwe ndikufuna kuonera. Holide ikayandikira ndimalipira mwezi umodzi, ndipo tsiku lomwelo ndimaletsa zoti adzandidulenso mwezi wamawa. Ukatero umaonerabe mpaka masiku ako athe. Ndimadawuniloda pa Wi-Fi ya pasukulu ndisanapite kumudzi, kapena ndi bandulo ya usiku. Pa chaka ndimalipira miyezi iwiri, ikachuluka itatu.

Nanga mu hard drive muzikhala chiyani? Ine ndikuti muzikhala zomwe sungazibwereke kwina, ndipo zambiri mwa izo ndi zathu. Mafilimu a ku Hollywood sadzasowa. Ali ndi makampani, maloya ndi makompyuta owasunga. Koma taganizani za Seasons of a Life ya Shemu Joyah ya mu 2008, The Last Fishing Boat ya mu 2012, kapena The Road to Sunrise ya mu 2017. Ndi angati mwa ife amene ali nazo? Ndi angati angadziwe kokazipeza lero madzulo? Ambiri opanga mafilimu kuno amangoika ntchito zawo pa YouTube, ndipo tchanelo ikatsekedwa kapena mwini wake akataya akaunti, basi zapita. Ngakhale nkhani ya William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, yomwe anaijambula konkuno ndipo muli Chichewa chambiri, njira yake yodziwika yoionera ndi kulipira Netflix m'madola.

Pali mbali ina yomwe sindingaizembe. Zambiri zomwe zinali mu hard drive yakufayo sindinagule, ndipo sindinama kuti ndinkasowa nazo tulo. Koma kubenetsa filimu ya munthu wa kuno, yemwe mwina anagulitsa galimoto yake kuti alipire kamera ndi osewera, n'kumubera mnansi. Aphungu athu anapanga lamulo la Copyright la mu 2016, COSOMA iliponso, koma palibe wapolisi amene adzabwere m'hosteli kudzafufuza ma flash athu. Zatsalira ife. Filimu ya kuno ikatuluka, pita ukaionere komwe akuionetsa, lipira pakhomo, ndipo ngati akugulitsa kope gula. Ngati sakugulitsa, alembere pa WhatsApp kapena pa Facebook uwafunse. Kope logulalo ndiye lisunge pawiri, mu hard drive ndi mu memory card kapena pa laputopu ya m'bale wako, ndipo ulilembe dzina lenileni ndi chaka, osati "movie 2 final".

Hard drive yanga yatsopano ndi ya 500 GB, ndipo theka silinadzaze. Filimu ija ndinaipezanso, ulendo uno ndinachita kugula. Sewero lathu lija ndinamuimbira mnzanga amene anagwira kamera tsiku limenelo. Anakhala chete pang'ono, kenako anati laputopu yake inabedwa m'minibasi chaka chatha, ndipo ankadalira kuti kope lina lili kwa ine.